Chikoti pa Ukwati wa Albina

Bambo oyandikana nafe nyumba kuno ku Nsadzo, oyendetsa ngolo, sakhazikika. M'mawa uliwonse amapaka chikoti chawo mafuta a ng'ombe, amachipachika pamthunzi, kenaka amachisunthanso poopa makoswe. "Chikopa chikanyowa chimauma gwa, n'kuthyoka," amauza aliyense wodutsa.

Tsiku la ukwati wa mwana wawo Albina, mvula inayamba ansembe ali mkati molalikira. Bambowo anayang'ana kudenga, anayang'ana kukhomo, kenaka anatuluka chothamanga, poti chikoti anachisiya pangolo. Anabwerako ukwati utadalitsidwa kale, iwo atanyoweratu, chikoticho atachibisa m'malaya.

Albina anawayandikira misozi ili m'maso. "Ababa, chapulumuka?"

Anavomera ndi mutu, koma kumuyang'ana kumaso kunawakanika.