Kadzanja ka Galimoto ya Amalume

Pa shelefu yanga kuno ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, pali kachitsulo kotalika ngati supuni, kokhala ndi galasi lachikasu. Alendo amakayesa chotsegulira botolo. Ndi kadzanja ka galimoto. Kale magalimoto a ku Mangalande analibe magetsi ophethira. Ukafuna kukhota, kadzanjaka kankatuluka m'nthiti mwa galimoto n'kuloza, ngati mwana wa sukulu wopempha kukataya madzi. Pa galimoto yonse ya amalume, chinatsala n'chomwechi.

Inali nyengo yanga yoyamba yachisanu ku Oshawa, tauni ina ya dziko lomwelino, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ine ndi amayi tinkakhala m'chipinda chapansi kwa amalume. Amayi ankasamalira nkhalamba, ndipo ankabwerako atatheratu, moti tsiku lina anagona chiimire, ketulo ili m'manja. Ndikulumbira, ndinachita kuwalambalala.

M'tauni yopanga magalimoto aakulu ngati nyumba, amalume anakagula kagalimoto kobulungira ngati chikho, ka m'zaka zija nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Kumbuyo kwake kunali kwa matabwa, osati okongoletsa ayi: matabwawo ndiwo ankagwira denga ndi zitseko zakumbuyo. Amalume ankati Angelezi anatuluka m'nkhondo opanda chitsulo, opanda petulo, koma ali ndi ana mbwee, ndiye anapanga galimoto yodya pang'ono yonyamula banja lonse. Ankandionetsa mzere wotukuka pakati pa boneti. Akuti oipanga ataona kuti yawonda, anaicheka pakati ndi sowo n'kuikapo chigamba. Pa zonse ndikunenazi, apa ndiye anthu amati ndanama. Kafunseni.

Hita yake inkafunditsa ngati mpweya wa mphaka. Pamtunda, anthu oyenda pansi ankatipatsa moni, kutipitirira, n'kukatidikira pamwamba.

Chifukwa choigulira ndinachimva mwa apo ndi apo. Agogo aamuna anali dalaivala pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo ankayendetsa galimoto ya mtundu womwewu. Amayi ndi amalume, ali ana, ankaitsuka fumbi la m'misewu ya pa esitetipo, koma kukwera ayi. Mpando wakumbuyo unali wa adona, mkazi wa bwana wa esitetiyo, ndi galu wawo. Tsono amalume analonjeza kuti, "Achemwali, pa Pasaka mupita kutchalitchi mutakhala kumbuyo." Amayi anangoti, "Achimwene, tandisiyani ndigone."

Ya ku Thyoloyo, eni ake atachoka, inadyedwa ndi chiswe. Amalume anati iyi yokha ayi. Loweruka lililonse ankapaka matabwa aja oyilo wakuda wotha ntchito, monga amachitira ndi mizati ya khola kwathu, ndipo kuzungulira matayala ankathira phulusa. Kunja sino, chipale chofewa chija, wafika m'mawondo, munthu wamkulu ali kalikiliki kulondera chiswe! Chiswe chake chikanayamba chagula jekete. Akamaliza tinkaizungulitsa m'tauni, akuti injini isaiwale ntchito. Misewu yake inali yomwazidwa mchere wosungunula sino, ndipo amalume ankaseka: "Dziko lolemera ili, mchere mpaka kudyetsa msewu!" Mcherewo unkakakamira kunsi kwa galimoto, kumene panalibe wosuzumira. Lero, nditakula ndi kutopa kwangakwanga, ndaona kuti munthu amalondera mdani amene anamusiya kwawo.

Pasaka inafika ndi matope. Amayi anaweruka ntchito ya usiku m'mawa womwewo, maso ali psuu, navala diresi yawo ya chitenje ndi nsapato zoyera. Amalume, chipewa kumutu, anapinda mpando wakutsogolo kuti amayi alowe kumbuyo. Amayi anaponda. Bwoo! Mwendo unapitirira mpaka pa simenti ya galaja. Dzimbiri linayoyoka ngati makoko a mtedza. Matabwa ali bwinobwino, akunyezimira, opanda ndi chiswe chimodzi chomwe.

Amalume anagwada kusuzumira kunsi, ndipo anachedwa kudzuka. Chitsulo chonse chinali ngati sefa. Galimotoyo sinatulukenso m'galajamo ndi mphamvu zake.

Ndinkadikira kuti amayi akalipe. M'malo mwake anazula mwendo, nsapato itatsalira kunsi, nakhala pampando uja, mapazi pambali pa bowo, chikwama pamiyendo, natsinzina.

"Tiyeni, adalaivala," anatero.

Amalume anasasa mawondo, nakhala kutsogolo, nagwira chiwongolero. Injini sanailize. Anangopotoza kiyi pang'ono, ndipo kadzanja kanatuluka, n'kuloza khoma.

Ine ndinali chiimire pambali, tayi ikundikanyanga pakhosi, mtima uli pa mandasi a kutchalitchi amene anzanga anali kumaliza. Ndinati, "Amayi, galimototu sikuyenda."

Sanatsegule maso. "Tseka chitsekocho, ukulowetsa fumbi."

Ku Oshawa kunalibe fumbi tsiku limenelo, kunali matope okhaokha. Ndinatseka, ndipo ndinakhala zaka zambiri ndikuyesa kuti kutopa kunali kutawazunguza mutu.