Batani Lofiira la M'galimoto ya Adadi

Ndikukumbukira fungo lake kuposa china chilichonse, fungo la labala wopsa, lija limakanirira m'tsitsi ndi m'jekete mpaka masiku atatu. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Thamesmead, m'fulati ya pamwamba imene mazenera ake ankachita thukuta nyengo yozizira. Amami anali namwino. Adadi ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, kuwanyamula, kuwasambitsa, kuwatembenuza pabedi. Koma manja awo sanali a ntchito imeneyo. Anakulira pafamu ku Zimbabwe, kumene agogo anasamukira kuchokera ku Dedza, ndipo kuyambira ali mnyamata ankakonza mathirakitala. Ku London kunalibe amene anawafunsapo za mathirakitala.

Ndiye anagula galimoto. Inali yakale, yabuluu wofwifwa, yoyendera matayala akumbuyo, ndipo ankaisunga m'galaja ina kuseri kwa mafulati athu. Amami ankaitcha mkazi mnzawo.

"Pitani, bambo a Tako, mkazi mnzanga akudikira. Mukam'patse moni."

Masiku amenewo ankanena akuseka.

Kangapo pachaka, nyengo yotentha, adadi ankapita nayo kunja kwa mzinda, kubwalo lina lakale la ndege kumene anthu wamba amathamangitsa magalimoto awo awiriawiri pamsewu wowongoka. Mpikisano wake sukwana ndi theka la mphindi lomwe. Ine ananditenga kawiri. Liwirolo silinandikhudze kwenikweni. Chimene chinandigwira mtima ndi chimene madalaivala amachita asanayambe kuthamanga.

Galimoto imadutsa pamalo pamene athirapo madzi, kunyowetsa matayala akumbuyo, kenako n'kuima. Injini imayamba kukuwa, matayala akumbuyo n'kumazungulira pamalo amodzi, utsi uli tolotolo, koma galimotoyo osasuntha. Imangonjenjemera ngati galu wapachingwe amene waona mbuye wake. Pakapita kanthawi imamasuka n'kutsetserekera kutsogolo, utsi n'kutsala ukubwera kwa ife oonerera.

Adadi anandifotokozera tili kunyumba, patebulo. Ine ndinkafunsa m'Chingerezi, iwo n'kumayankha m'Chichewa, monga zinalili nthawi zonse.

"Tayala lozizira limaterereka," anatero. "Ukalitenthetsa limamata ngati phula, timiyala tonse timachokanso. Ndiye ponyamuka limagwira msewu."

Ndinafunsa chifukwa chimene galimotoyo siithawa. Anati anaika kachipangizo panjira ya mafuta a mabuleki akutsogolo, kamene anzawo ankakatcha lainiloko, ndi batani lofiira pachogwirira cha magiya. Umaponda buleki mwamphamvu, n'kudina batanilo, n'kuchotsa phazi. Mabuleki akumbuyo amamasuka, akutsogolo n'kukhalabe ataluma. Apo ndiye umaponda moto. Popanda kachipangizoko, ungafunike kupondabe buleki ndi phazi lina, mabuleki akumbuyo n'kupsa limodzi ndi matayala.

"Phazi choyamba, batani pambuyo. Batanilo palokha silimanga kanthu, limangosunga zimene phazi laikamo."

Ananena momveka bwino. Sindinganame kuti sananene. Koma m'mutu mwanga munangotsala chinthu chimodzi, chakuti batani lofiira limagwira galimoto.

Linali Loweruka masana, masamba atayamba kuyoyoka. Amami anali pashifiti yaitali, ndiye adadi anatitenga ine ndi mlongo wanga Yamikani, wa zaka zinayi, kupita kugalaja. Pakhomo pa magalajawo panali potsetsereka pang'ono, kumunsi kwake kuli kakhoma ka simenti. Adadi anatulutsa galimoto n'kuiimika moyang'ana kakhomako, masitepe atatu kapena anayi kuchokera pamenepo, kenako anagwada kutsogolo kukonza nyali. Kutayamba kuwaza kamvula, anatiuza kuti tilowe m'galimoto. Anapotokola kiyi pang'ono kuti wailesi izilira, tisawasokoneze.

Ine ndinakhala pampando wa dalaivala. Yamikani anayamba kufuna kugwira batani, ndinam'menya padzanja.

"Limatani?" anafunsa.

"Limagwira galimoto yonse."

"Bodza."

Liwu limodzi lokhalo, la mwana wa zaka zinayi wokhala ndi mamina pamphuno. Ndinatembenuka, dzanja lina ndinadina batani, lina ndinalimbana ndi handibuleki mpaka inatsika. Buleki sindinaiponde. Sindikudziwa ngati phazi langa likanaifika n'komwe.

Galimoto inayamba kuyenda mwakachetechete, ngati munthu wonyang'ama. Ndinadina batanilo kwambiri, ndi zala zonse, mpaka chikhadabo chinapindika. Wailesi inkalirabe. Kugunda kwake sikunali kwamphamvu, tinangogwedezeka pang'ono basi. Kenako ndinamva kulira kumene ndinali ndisanamvepo kwa mwamuna wamkulu.

Tinatuluka tikukuwa. Amuna awiri a m'magalaja ena anathamanga, anakankhira galimoto m'mbuyo, mmodzi n'kuimbira ambulansi. Mwendo wa adadi, kumunsi kwa bondo, unali utakhota pamalo pamene sipayenera kukhota. Nkhope yawo inali itatuwa. Anandiitana ndi chala, anandigwira pamkono ndi dzanja lozizira la girizi, n'kulankhula Chichewa kuti amuna aja asamve.

"Iwe ndi Yami munali m'galaja, mumasewera. Ine sindinakoke bwino handibuleki. Wamva?"

"Koma ndine..."

"Khala chete. Ukufuna a sosho akutengeni? Kuno si kwathu. Akangomva kuti ndinasiya ana m'galimoto kiyi ali momwemo, mawa lomweli mukagona kwa anthu osawadziwa. Ngakhale amako asamve."

Amene sanakulire pakati pathu mwina sangamvetse mantha amenewo. Kutchalitchi, mapemphero akatha, azimayi ankanong'onezana za a sosho, aboma oona za ana, ngati akunena za matenda. Mwana wa uje anauza aphunzitsi kuti amamenyedwa, anam'tenga. Ana a uje anawapeza ali okha m'nyumba, anawatenga. Zingati zinali zoona sindikudziwa. Koma ife ana tinkamva, ndipo tinkakhulupirira kuti pali galimoto ya a sosho imene imangoyembekeza liwu limodzi lolakwika.

Amami anafika kuchipatala ali mu yunifomu. Atamva nkhaniyo anakhala pampando, manja ali pamutu.

"Handibuleki? Munthu wokonza mathirakitala kuiwala handibuleki? Nanga akanakhala mwana pamenepo?"

Adadi anangoyang'ana kudenga. Ine ndinali nditaima kumapazi a bedi, nditagwira chitsulo.

Mwendowo anauika zitsulo. Anakhala pakhomo miyezi yambiri, ndipo atachira sakanathanso kunyamula munthu, ntchito ija inathera pomwepo. Galimoto anaichotsa ndi amami. Anaimba foni, tsiku lina m'mawa kunabwera bambo wina ndi lole, n'kuikweza. Adadi anaonerera pazenera, atatsamira ndodo. Atamaliza anapukuta thukuta la pagalasi ndi mkono wa juzi, ngakhale kuti panalibenso choona.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa manyazi kuposa ngoziyo, ndipo ndichinena poti ndayamba kale. Tsiku lina tikudya, Yamikani anangoti, "Tako anadina batani." Amami anafunsa kuti batani lanji. Ine pansi pa tebulo ndinam'tsina pantchafu, ndinapotokola mnofu mpaka analira, n'kunena kuti akunena za rimoti ya TV. Madzulo pom'sambitsa ndinaona pamene ndinam'tsinapo patada. Sanabwerezenso. Kuyambira pamenepo ndikangomuyang'ana ankasiya kulankhula, ngakhale ikhale nkhani ina.

Kamodzi kokha ndinayesa kuulula. Linali Lamlungu masana, amami akundiluka tsitsi, ine nditakhala pansi pakati pa mawondo awo. Zala zawo zinkanunkhira mafuta a kokonati. Poti sindinkawaona nkhope, ndinaona ngati ndingathe.

"Amami."

"Chiyani?"

Kuchipinda adadi anatsokomola. Mwina chinali chifuwa chabe.

"Mukundikoka."

"Pirira, watsala mzere umodzi."

Makolo anga sankakangana mokweza. Kunyumba kunangozizira. Nthabwala ya mkazi mnzawo ija inatha, m'malo mwake munalowa mawu akuti "wosasamala". Adadi akaiwala kutseka zenera, anali wosasamala. Akapsereza mpunga, anali wosasamala. Kutchalitchi ndinamva amami akuuza anzawo kuti munthu wamkulu anathyola banja chifukwa cha masewera achibwana a galimoto. Adadi ankangoweramitsa mutu, nthawi zina n'kundiyang'ana mwachidule, ngati akufunsa kuti, ukadali chete? Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu anasamukira ku Wembley, m'kachipinda kamodzi, anapeza ntchito yokhala pansi m'sitolo. Lero ndikudziwa kuti mabanja satha ndi chinthu chimodzi. Panthawiyo ndinkadziwa kuti ndine.

Ndinakula, ndinamaliza koleji, ndinakwatiwa. Kuyendetsa galimoto sindinaphunzire, ndimangoti ku London mabasi alipo ambiri. Tsopano ndili ndi mwana wamkazi, Zaithwa, wa zaka ziwiri, ndipo ndine mayi wamantha. Ndimayang'ana chitofu kawiri ndisanatuluke, ndikafika pasitepe n'kubwereranso. Mwanayo akakhala chete mphindi imodzi, ndimakhala nditathamangira kale kukamuona.

Mwezi wathawu tinapita ndi amami kupaki ya ku Greenwich. Tinakhala pabenchi pamtunda paja, Zaithwa akugona m'chikuku chake. Ndinaponda buleki ya chikukucho, ndinaigwedeza, ndinaipondanso, kenako ndinakhala nditachigwirabe ndi dzanja. Amami anandiyang'ana kwa kanthawi.

"Iwe, chikuku chimenechi chithawira kuti? Taleka mwanayo apume, nawe upume."

Sindinakonzekere. Mawu anangotuluka okha, osalongosoka, Chichewa ndi Chingerezi kusakanikirana. Ndinanena za batani, za handibuleki, za zimene adadi anandiuza atagona pansi, za ntchafu ya Yamikani. Amami sanandidule. Nditamaliza anavula magalasi n'kuwagwira m'manja.

"Yami anali pati?"

"Pampando wakutsogolo, pambali panga."

"Kiyi ali momwemo?"

"Eee."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti tsiku limeneli likadzafika, amami adzalira, adzanena kuti anawalakwira adadi, mwina adzakwera sitima kupita ku Wembley kukapepesa. Ndinkaganiza kuti ndasunga chinthu chimene chingawayeretse adadi. Amami anavalanso magalasi.

"Ndiye anakusenzetsa iwe. Mwendo wake wothyoka anasenzetsa mwana wa zaka leveni."

"Ankaopa a sosho, amami."

"Nanga ine sindikanaopa? Tikanaopera limodzi, ife akuluakulu, iwe n'kukagona tulo." Anatembenukira kwa ine. "Ndakhala ndikumukwiyira chifukwa cha handibuleki. Chikhala ndinadziwa, bwenzi ndikumukwiyira chifukwa cha iwe."

Kenako anandigwira kumutu, n'kundikokera paphewa pawo, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ndili wamng'ono.

"Unali mwana, Takondwa. Mwana amagwira zimene wamusiyira pafupi."

Ndinalira mpaka Zaithwa anadzuka. Koma sindinapepukidwe monga ndinkayembekezera. Ndinkayesa ndipulumutsa adadi, m'malo mwake ndinawawonjezera mlandu.

Madzulo ake ndinaimbira Yamikani kum'pepesa. Anati galimotoyo saikumbukira, batani salikumbukira. Chimene amakumbukira n'chakuti ali mwana ankandiopa, ndipo sankadziwa chifukwa chake.

Adadi sindiwada. Ndimawaona ali gone pasimenti yonyowa, mwendo utathyoka, m'dziko la eni, akuganiza mofulumira mmene angatetezere ana awo. Ndikukhulupirira kuti chinali chikondi. Koma tsopano poti ndili ndi wanga, ndikuonanso mbali imene sindinkafuna kuiona. Bodza lija linkandibisa ine, komanso linkawabisa iwo, ndipo amene analinyamula tsiku ndi tsiku anali wamng'ono pa tonsefe. Mwana akalakwitsa chachikulu, sasowa womubisa. Amasowa wamkulu woti anene poyera tsiku lomwelo kuti, zachitika, wosiya kiyi ndine, iwe pita ukasambe. Zaithwa adzaswa zinthu, mwina zazikulu, ngakhale ndimulondere chotani. Chimene ndingathe n'chakuti asadzagone nazo yekha.

Adadi sakudziwa kuti ndinaulula. Lamlungu likubwerali ndikupita ku Wembley. Adzanditsegulira, adzatsimphina kupita kukatereka madzi a tiyi, adzam'nyamula mdzukulu wawo. Ndidzadikira akhale pansi. Ndikuopa. Koma m'chipinda chimenecho mudzakhala mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo sadzakhala ine.