Masabata Atatu Pansi pa Nthaka

Ine sitima sindinakwerepo. Njanji ndinaiona kamodzi ku Chipata, mbuzi zitagonapo. Koma pali siteshoni ina ku Ulaya imene ndimaidziwa kuposa amene anaikumba.

Mtsikana wanga, yemwe tinkaimba naye kwaya ku tchalitchi kuno ku Katete, anatengedwa ndi azakhali ake anesi kupita ku Ulayako zotsatira za giredi 12 zitangotuluka. Tsiku limene anakwera basi ndinalira mpaka msewu wa ku Lusaka unachita matope. Madiraiva angachitire umboni.

Atafika ankanditumizira mawu pa foni m'mawa uliwonse popita ku koleji. Akuti pakati penipeni pa tauni, pansi pa mashopu, pali siteshoni yakalekale, yoposa agogo a agogo anga. Umatsika masitepe mpaka makutu kutseka. Makoma ake ndi a matailosi ngati kuchipatala, ndipo sitima isanatulukire kumayamba kubwera kamphepo kofunda. Pakati pa njanji pamathamanga mbewa zonenepa, popanda ndi mmodzi yemwe wozisaka. Ndinamuuza kuti andisungire, ndikafika tidzalemera. Anaseka mpaka kutsokomola.

Kenaka anati, "Ndikalowa pansi netiweki imathawa. Ndikakhala zii usamadandaule, ndiye kuti ndili mu siteshoni."

Mawu amenewo ndinawagwira ngati vesi loloweza. Akapanda kuyankha m'mawa, ali pansi. Tsiku lonse, ali pansi, mwina sitima yachedwa. Anakhala zii sabata yathunthu, ine ndikumangouza anzanga kuti masitima a kumeneko ndi ovuta, iwo sangamvetse chifukwa anazolowera ngolo.

Pa sabata yachitatu tinali pakhonde ndi alongo anga aakulu, tikusenda nsawa za mbewu. Foni ndinaiika pabondo, ndikuisuzumira ndikasenda nsawa iliyonse.

"Iwe, uiboola ndi maso foniyo," anatero alongo anga.

"Ali mu siteshoni, asisi. Akangotuluka ayankha."

"Munthu masabata atatu pansi pa nthaka? Kwathu kuno timati maliro amenewo."

"Za masitima simuzidziwa inu."

Sanaseke. Anatsanulira makoko m'dengu, nkusasa chitenje nthawi yaitali ngati muli nyerere.

"Dzulo anaimbira msuweni wake pa vidiyo, ine ndili pomwepo kumangitsa tsitsi. Anali pansi pakopo. Matailosi ndinawaona, sitima inadutsa kumbuyo kwake."

"Nanga netiweki?"

"Yodzaza. Sinaduke olo kamodzi."

Ndinasenda nsawa ina, nkuponya njere kumakoko, khoko kumbewu.

"Anandifunsa?"

"Anafunsa ngati mango apsa."

Ndinanyamuka ngati ndikupita kukaona nkhumba. Kuseri kwa khola ndinalemba meseji yaitali kuchokera pano mpaka ku Sinda. Munali kwaya, munali basi ija, munali ndi mayina a ana athu anayi amene iye sankadziwa kuti ndinasankha kale. Nditaiwerenganso ndinaona kuti yonse ikungopempha. Ndinafufuta.

Ndinalemba mawu awiri okha: "Mango apsa."

Timizere tiwiri tosonyeza kuti wawerenga tinasanduka buluu pompo, chala ndisanachotse. Pamwamba panaoneka kuti akulemba. Ndinaimirira, sindikudziwa chifukwa chake, ndinavulanso ndi kapusi. Analemba, nkusiya. Analembanso, nkusiya.

Ndinadikira mpaka alongo anga anandiitana kuti nsawa sizidzisenda zokha. Ndinabwerera pakhonde. Anandisunthira mpando, ndipo foni ndinaisiya m'thumba.