TV Imene Inatsala M'nyumba

Mkazi wanga. Makina ake osokera. Madiresi, nsapato, zitenje, chikwama chopita nacho kutchalitchi. Mapoto amene anabwera nawo pa ukwati. Phokoso la makina aja masana a Loweruka.

Izi ndi zimene zinachoka m'nyumba mwanga chaka chatha. Mkazi wanga anapita ndi matenda. Katundu wake anagawana abale ake monga mwa mwambo, ndipo sindinatsutse. TV nayo inatsala pang'ono kupita. Ndi yaing'ono, yotchipa, mawu ake ndi ofooka, koma ndi chinthu chokhacho chimene ndinkalakalaka mumtima kuti andisiyire.

Tinaigula ku Kwekwe tili atsopano m'banja. Ine ndinali nditangoyamba ntchito yoyeza miyala ku labotale ya mgodi wa golide, iye ankasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde. Tonse ndife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kudzagwira ntchito m'migodi. Kunja tinkalankhula Chishona ngati wina aliyense, koma m'nyumba tinkakangana ndi kugwirizana m'Chichewa.

M'sitolo ina pafupi ndi njanji munali ma TV ambiri pakhoma, koma olingana ndi thumba lathu anali awiri. Ina inali yaikulu, yowala, mitundu yake yolasa m'maso. Inkaonetsa nsomba zofiira ndi zachikasu zikusambira m'madzi oyera. Inayo inali yocheperapo, ili pakona, ikuonetsa nsomba zomwezo koma zofatsa ngati zatopa.

Ine ndinali nditasankha kale tisanachoke kunyumba. Ndinali nditawerenga za onse awiri pafoni, ndipo ndinkafuna yaikuluyo chifukwa cha mpira. Wogulitsa, bambo wonenepa wa tayi yaifupi, anatiikira masewera a mpira. Pa yaikulu udzu wa m'bwalo unali wobiriwira kuposa udzu uliwonse umene ndinauonapo kuno, ndipo mpira ukathamanga unkaoneka bwinobwino. Pa yaing'ono unkakoka kamchira kumbuyo.

"Mwaona?" ndinatero.

"Ndaona udzu," anayankha mkazi wanga. "Tabwera kudzagula udzu?"

Anatsegula chikwama n'kutulutsa fulashi yomangidwa pa kansalu kuti isatayike. M'menemo munali vidiyo ya ukwati wathu. Mnzanga wina ndiye anaijambula, m'tchalitchi cha kukomponi ku Lalapanzi, kwawo kwa mkazi wanga, tsiku limene magetsi anali atazima. Mazenera a tchalitchi chimenecho ndi aang'ono. Ife akwati tinkaoneka chifukwa tinaima pafupi ndi khomo, ena onse anali mumdima. Pa benchi ya kukhoma panakhala mayi a mkazi wanga, amene anamwalira ukwati utangodutsa kumene. Vidiyoyo tinali titangoionerapo pafoni, pamene nkhope ya munthu imachepa ngati njere ya nyemba.

"Tiikireni iyi, mukoma," anauza wogulitsa.

Bamboyo anati TV siyesedwa ndi zinthu zojambula ndi foni mumdima, tizingoyang'ana nsomba zija mmene zikuwalira.

"Kunyumba kwathu kulibe nsomba," anatero mkazi wanga. "Tizionera anthu."

Wogulitsa anaseka n'kulowetsa fulashi mu TV yaikulu. Diresi loyera, limene mkazi wanga anasoka yekha, linawala mpaka mapindo ake onse anasowa. Suti yanga inasanduka dzenje. Nkhope yanga inafiira. Kumbuyo kwathu kunali bii, kumangoyera mano ndi mipango ya amayi a kwaya.

"Ameneyu ndi ndani?" anafunsa akuloza ine pa sikirini. "Ndinakwatiwa ndi njerwa ine?"

Ndinatenga rimoti. Ndinachepetsa kuwala, ndinasintha mitundu, ndinalowa paliponse pamene ndinkadziwa. Nkhope yanga inabwerera, mapindo a diresi anaonekako. Koma mdima wa kumbuyo unangokhala mdima, ndipo ndikawonjezera kuwala unkasanduka utsi.

Pa TV yaing'ono mdima womwewo unali ndi zinthu mkati mwake. Linaoneka khoma, inaoneka benchi, kenako mpango wabuluu. Anali mayi ake, akuimba atatsinzina, dzanja likumenya pa bondo motsatira nyimbo. Mkazi wanga anayandikira mpaka mpweya wake unachita nthunzi pa galasi. Wogulitsa anayamba kufotokoza za rimoti, ine ndinamukodola kuti akhale chete.

"Bwezerani," anatero mkazi wanga, osatembenuka.

Ndinabwezera, ndinabwezeranso.

Ndinayesabe komaliza, motsitsa mawu. Ndinati mawu ake ndi ochepa, ndipo mpira uli ndi mchira.

"Mpira muzikaonera kwa anzanu," anatero akupukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Kumeneko n'kumene mumakuwa bwino."

Mu kombi, minibasi ya kuno, anakana kuti bokosi liikidwe kumbuyo. Analifungata pamiyendo ngati khanda mpaka tinafika.

Zimene ndinanena m'sitolo zinali zoona, ndipo iye sanazikane. Mvula ikamagwa pa malata sitinkamva kanthu, tinkangoonera milomo ya anthu ikugwedera, iye n'kumawaikira mawu akeake. Ukaiyatsa imayamba yaganiza kaye. Mkazi wanga ankati yatengera mwini nyumba. Koma nkhope za anthu akuda ngati ife zinkaoneka monga mmene zilili, ndipo nane ndinazolowera kuona zimenezo mpaka TV za anzanga zinayamba kundipweteka m'maso.

Anaisokera chovala ndi nsalu yotsala ya yunifomu, yobiriwira ya mizere, chifukwa fumbi la kumgodi limalowa ngakhale mutatseka mazenera. Madzulo ankakhala pansi atatsamira miyendo yanga, akusomeka mabatani pa malaya, n'kumaweruza zovala za owerenga nkhani. Uyu telala wake anathamanga, uyu phewa lapendekeka. Nkhani zenizenizo ankandifunsa ine pambuyo pake.

Anali ndi lamulo limodzi. Magetsi akazima, pulagi ya TV izulidwe pakhoma. Kuno magetsi amapita osatsanzika, ndipo pobwerera nthawi zina amabwera ndi ukali. Firiji ya aneba athu inapsa choncho. Mkazi wanga ankatha kudzuka pa makina, ulusi uli pakamwa, kukazula pulagi, kenako n'kubwerera kukapitiriza kusoka.

Maliro atatha, abale ake anabwera kudzagawa katundu. Anthu athu kuno anatengera kachitidwe ka Ashona: zinthu za malemu zimayalidwa pa mphasa panja, ziwazidwe madzi, ndiye mlongo wa bambo ake, amene timati tete, aziitana mmodzimmodzi. Mwamuna wa malemu amakhala pambali, salankhula. Ndinaona diresi la ukwati likupita kwa msuweni wake. Ndinaona makina akunyamulidwa ndi anthu awiri. Ndinkangoyang'ana pansi.

Mphasa itayera, tete anasuzumira m'nyumba.

"Nanga TV ija? Ija anasankha ndi mwana wathu, aliyense akudziwa. Onani, mpaka anaisokera chovala. Ipite kwa bambo ake."

Sananame. Palibe chimene ndikananena chimene sichikanamveka ngati kukanganira katundu pa maliro. Fulashi ndikanatsala nayo, inde, koma ndinkadziwa mmene vidiyo ija imaonekera pa zinthu zina.

Apongozi anga, bambo a mkazi wanga, anagwira ntchito mu mgodi wa kromu moyo wawo wonse. Amatsokomola asanalankhule, ndipo salankhula zambiri. Tsiku limenelo anadzuka pampando n'kulowa m'nyumba.

"Tayatsani, mukwasha," anandiuza, kundiitana monga mkamwini wawo. "Ndione chimene akundipatsa."

Magetsi analipo. Ndinachotsa chovala chija, ndinalumikiza pulagi. Fulashi inali momwemo, chifukwa masiku amenewo sindinkaonera china. TV inaganiza kaye monga mwa nthawi zonse, kenako tchalitchi chinaoneka. Apongozi anakokera mpando pafupi kwambiri, poti maso awo anafooka ndi mdima wa pansi. Anaona mwana wawo ali pakhomo, akuseka, akukonza kolala ya suti yanga. Kenako chithunzi chinatembenukira ku mabenchi.

"Amake awo," anatero. Anakweza chala koma sanakhudze galasi. "Nyimbo imeneyi ankailakwitsa nthawi zonse."

Tete anali ataima pakhomo. Anadikira mpaka nyimbo inatha, ndiye anati wina abweretse bokosi.

"Ndikaitenga ndizikaonera ndi ndani?" anafunsa apongozi.

"Achimwene, mwambo ndiwo wanena."

"Mwambo wati ndi yanga. Chabwino. Ndaisungitsa kwa mwana wanga uyu. Ine ndizibwera."

Tete anayang'ana ine, anayang'ana achimwene awo, n'kutuluka kukamanga mitolo.

Ndinkaganiza kuti anangonena pofuna kundichitira chifundo. Koma amabweradi. Mwezi ukamatha amakwera kombi ku Lalapanzi, n'kufika atanyamula mbatata kapena chimanga chachiwisi. Timayamba ndi vidiyo ya ukwati. Ikatha amatsokomola n'kufunsa ngati kuli mpira. Timaonera, iwo n'kumadandaula.

"Mpira wa TV yanuyi uli ndi mchira, mukwasha."

"Ndi yanu, bambo."

"Ndiye ndinagula zolakwika," amatero, ndipo timaseka pang'ono.

Anthu ena amandifunsa ngati mkazi wanga anasiya mawu. Ndimati ayi, chifukwa ndimadziwa mawu amene iwo amafuna kumva, ndipo si amenewo anandisiyira.

Anadwala mutu masiku angapo, akumati ndi kutopa ndi mayunifomu a kutsegulira kwa sukulu. M'mawa wina analephera kuimirira. Magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha. Aneba anabweretsa galimoto kuti tithamangire kuchipatala ku Gweru. Ndinamunyamula, ndinamugoneka pa mpando wa kumbuyo, mutu wake pamiyendo panga. M'njira sanalankhulenso, ngakhale kuchipatala. Koma tisananyamuke, pamene aneba ankatseka geti, anatsegula maso n'kuyang'ana kunyumba, kenako kwa ine.

"Mwazula pulagi ya TV? Magetsi akabwera angaiwotche."