Ometa Amene Ankapha Aliyense M'nthano

Pamsewu wathu panali ometa tsitsi amene ana tonse tinkawatchula kuti a Basi-Anafa. Kashopu kawo kanali ndi mpando umodzi, benchi, galasi long'aluka pakona, ndi thabwa limene ankapingasa pampandopo kuti ife afupiafupi tizidziona. Makina awo ometera ankaluma ngati nsikidzi, ndiye mwana akangoyamba kuzembetsa mutu, iwo ankayambapo nthano.

Nthanozo zinali za imfa zokhazokha. Mnyamata wokonda kuyamwa mabatani anameza limodzi, basi anafa. Mtsikana wina anabisala m'bokosi pamasewera, anzake n'kumuiwala, basi anafa. Dzina lija linachokera pamenepo. Anali ndi kanyimbo kawonso kopeka okha, kamene ankaimba mokoma ngati akutonthoza khanda:

Kamwanapiye kagona, sikadzuka,
nyerere zabwera kudzapepesa.

Azimayi ankadandaula kuti ana azilota zoopsa. Iwo ankangoseka. "Mayi, nthano yoti onse apulumuka, mwana amayamba kutsatira ntchentche ndi mutu, ine n'kumudula khutu." Chonsecho munthu yemweyo sankatha kupha ndi nkhuku yomwe. Mpeni ankagwira akazi awo, iwo atazembera kuseri kwa nyumba.

Bambo anga anamwalira ine ndisanayambe sukulu. Masiku a maliro ananditumiza kwa azakhali, ndipo achibale anagwirizana zondiuza kuti adadi apita kutali kukagwira ntchito. Ndinakhulupirira ndi mtima wonse. Madzulo aliwonse ndinkakhala pageti, galimoto ikaima pamsewu n'kumathamangira komweko. Ndinayamba kukana chakudya, ati ndidyera limodzi ndi adadi, mpaka kabudula anayamba kundivuka. Amayi ankangondiyang'ana pawindo.

Loweruka lina amayi ananditenga kukameta. Anakhala pabenchi pamodzi ndi abambo awiri odikira, ine pathabwa paja, nsalu ili m'khosi. Makina atandiluma, a Basi-Anafa anayamba kanyimbo kaja.

"Ankolo, kamwanapiyeko kadzuka liti?" ndinafunsa.

"Sikadzuka, bwana wamng'ono. Kufa n'komweko."

"Ngakhale amayi ake akadikire?"

"Ngakhale adikire chaka chathunthu."

Ndinakumbukira anthu amene ankabwerabe kwathu atavala nkhope zachisoni, kumawagwira amayi dzanja n'kumati pepani. Ndinawayang'ana ometawo pagalasi.

"Nanga anthu amabwera kwathu kudzapepesa aja, wagona ndani?"

Makina anazima. A Basi-Anafa ankadziwa zonse, chifukwa pamaliro a bambo analipo. Akanatha kundinamiza ngati ena onse, kapena kungondiponyera yankho monga ankachitira m'nthano. Anatembenukira kubenchi.

"Mayi, funso ili si langa. Ndikagule kaye leza wometera pagolosale apa." Kenako anakodola abambo awiri aja. "Tiyeni mundiperekeze, akuluakulu, leza wake ndi wolemera."

Anatuluka onse atatu n'kutseka chitseko. Amayi anagwada pansi, patsitsi la anthu pomwepo, n'kundigwira mawondo. Ine mutu unali wometedwa mbali imodzi.

"Adadi ako anamwalira, mwanangawe. Sabweranso."

Ndinalira mpaka mawu kusasa, amayinso analira, ndipo kanali koyamba kuwaona akulira osabisa nkhope. Patapita nthawi ometa aja anagogoda pachitseko cha shopu yawo yomwe, ngati alendo. M'manja analibe leza. Anamaliza mbali inayo mwakachetechete, ndipo tsiku limenelo m'nthano simunafe munthu.

Azakhali atamva anapsa mtima, ati munthu wa nyimbo zonyansa wawonongera mwana ubwana wake, ndipo anasiya kuwapatsa moni. Ine mpaka lero ndimawathokoza ometa amenewa, ndipo ndimadandaula kuti anasamuka ndisanakule n'kuwauza ndekha. Akuluakulu onse ankandikonda, zimenezo sindikana, koma mawu oti imfa ankawathawa ngati galu woluma. Munthu mmodzi yekha pamsewu wonsewo ndi amene ankawatchula pamaso pa ana tsiku ndi tsiku, uku akuimba, mpaka ife n'kudziwa kuti chinthu chimenechi chilipo ndipo munthu ukhoza kufunsa za icho.

M'mawa mwake amayi anandiveka malaya abwino ndi kapusi, n'kunditenga kumanda. Anandilozera pamene anagona bambo. Sindinadziwe kuti pamalo otero munthu amanena chiyani, ndiye ndinangovula kapusi kuti adadi aone mmene andimetera.