Phala Lopanda Shuga la M'wodi ya Amuna

Ndinayamba kudandaula Lolemba la sabata yachiwiri ya Ogasiti, titangoyamba kuthyola nandolo. Ndinauza mkazi wanga kuti chala chachikulu cha kuphazi lamanja, chimene ndinadzitema ndi khasu, sichikupola. Ludzu linali losatha, ndipo usiku ndinkadzuka pafupipafupi kukataya madzi. Iye anati tipite kuchipatala, ine ndinakana. Ndinagula makapisozi pamsika wa pa Chiringa n'kumathira ufa wake pabalapo. Ndine munthu wosunga pepala lililonse, moti ngakhale chikutu cha makapisoziwo ndili nacho.

Pofika Seputembala chala chinada n'kuyamba kununkha. Mwana wa mlongo wanga anandikweza panjinga mpaka kuchipatala chaching'ono, kumene anandiyeza magazi. Adokotala analemba m'buku langa lachipatala n'kunena kuti, "Muli ndi matenda a shuga, ndipo mwachedwa nawo." Tsiku lomwelo ananditumiza kuchipatala chachikulu, komwe anandigoneka.

Ndinalibe wondidikirira. Mkazi wanga miyendo imamuvuta, ndipo kunyumba kunali adzukulu ndi nandolo wosamenya. M'wodi ntchito imayamba m'mamawa: kuyeza magazi, jakisoni, kudikira adokotala, kenako kudikira wotsuka mabala. Kutsuka bala kunkapweteka kwambiri, moti akamaliza ndinkagona mpaka dzuwa kupendeka. Podzuka ndinkapeza mbale yovundikira pakabati ya pambali pa bedi langa, muli phala lamgaiwa lothira nsinjiro, likadali lofunda. Ndinkayesa kuti ndi la kukhitchini ya chipatala. Ndinkadya n'kusiya mbale pomwepo.

Phalalo linalibe shuga ngakhale pang'ono. Tsiku lina ndinaitana anesi n'kudandaula mokweza, wodi yonse ikumva. Ndinati phala lotere kwathu timapatsa nkhumba. Anesi anali pachangu ndi mankhwala, ndipo anangoti, "Agogo, shuga ndi amene wakugonekani pano," n'kupitirira. Pabedi loyandikana ndi langa panali bambo wina wachisilamu wovutika kupuma, ndipo mkazi wake ankakhala pansi pafupi naye. Mayiyo anangowerama. Mawa lake phala linabweranso.

Bala linakana kupola, ndipo kumayambiriro kwa Okotobala anandidula chalacho. Nditatsitsimuka ndinapeza kuti pabedi loyandikana lija pali munthu wina. Phala silinabwere tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. Ndinaitananso anesi omwe aja kuwafunsa chifukwa chimene akhitchini asiyira chakudya changa.

"Khitchini yathu siphika phala madzulo," anatero. "Ankakuphikirani ndi mayi aja anali apawa. Anamva adokotala akunena za shuga wanu, n'kudzandifunsa chimene mungadye. Amuna awo tawatumiza ku Blantyre."

Kenako anatsegula kabati yanga. M'katimo munali mbale ija, phala litasasa kale. "Mayi aja anati mukadzuka mudye," anatero anesiwo.

Mayi amene ankatapa ufa wochepa wa wodwala wake, n'kukaima pautsi wa kukhitchini ya odikirira odwala chifukwa cha munthu wosamudziwa, ndinamutchulira nkhumba iye ali pomwepo. Ndakhala mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri, ndipo ndaima pagome kuphunzitsa anthu kuti azipereka osayembekezera kuthokozedwa. Sindinaganizepo kuti tsiku lina wosathokozayo adzakhala ine.

Ndinapita kuofesi kukapempha dzina lawo. Anandikaniza, ati za wodwala wina saulula. Ndinakwiya, ndinalemba kalata yodandaula, ndipo ina yofanana nayo ndasunga. Koma iwo sanalakwe. Ndinagona pafupi ndi anthuwo masabata onse aja osawafunsa dzina. Ndikudziwa dzina la mankhwala aliwonse amene ndinamwa, koma za iwo ndinangomva kuti bamboyo ndi telala wa cha ku Nkhulambe. Sindikudziwa ngati ali moyo.

Panopa bala linapola. Ndimayenda ndi ndodo, ndimamwa mankhwala m'mawa ndi madzulo, ndipo mwezi uliwonse ndimakayezetsa shuga. Adokotala anati ndikanabwera msanga chala chikanapulumuka. Choncho inu amene muli ndi bala losapola, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, musataye nthawi ndi makapisozi apamsika monga ndinachitira ine. Pitani kuchipatala sabata yomweyo.

Kwathu kuno mbale yobwera ndi chakudya siibwezedwa yopanda kanthu. Mkazi wanga anaitsuka n'kudzazamo nandolo, ndipo ili pamwamba pa kabati kudikira mwini wake. Ndi yachitsulo, yoyera ndi mkombero wobiriwira, yosupuka pang'ono pachivundikiro.

Pachifukwa chimenechi, ndikupempha mwaulemu abusa, mashehe ndi aliyense wa ku Nkhulambe amene akudziwa telala amene anagonekedwa m'chipatala m'miyezi ya Seputembala ndi Okotobala, kuti atumize uthenga kudzera kumpingo uliwonse wa pa Chiringa. Ngati mayiwo safuna kuonana nane, ndidzamvetsa, koma andiuze kumene ndingasiye mbale yawo. Ndikupempha kuti nkhani imeneyi iyankhidwe ndikadali ndi mphamvu zoti n'kukagwada pakhomo pawo.