Nambala Folo pa Dzanja la Gaynor

Amene adaphunzitsa mzinda wonse wa Sheffield kuimba gitala ndine, mpaka zala zanga zidafupika nayo ntchitoyo. Chabwino, limenelo ndi bodza: ine ngakhale belu la pakhomo ndimaliliza molakwitsa. Koma za Gaynor, mwana wa mlongo wanga, ndi zoona, kupatula pamene ndathira mchere.

Gaynor Thackray ndi dalaivala wa basi, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, ndipo adabadwa atatopa kale. Ali mtsikana adamva gulu la Cinder Parish pa kaseti yobwereka, nyimbo za roko zija zimene wailesi inkazikana: magitala olira ngati macheka, woimba wodandaula ngati amudzutsa kutulo. Sadachirenso. Adawatsatira m'mabala onunkha mowa ndi m'mabwalo a matope, nthawi zonse kutsogolo kwenikweni, chifuwa pa chitsulo chotchinga, khutu pa sipika. Mpaka lero amati theka la magulu otchukawa adakopera kwa amenewa, kungoti iwo amachapa tsitsi.

Anthu a kutsogolo ali ndi mwambo wawo. Umalawirira m'mawa, woyamba pamzere amakulemba nambala padzanja ndi cholembera chakuda, ndipo zitseko zikatsegulidwa mumalowa motsata manambalawo. Zaka makumi atatu ndi zisanu, Gaynor sadapitirirepo teni.

Kenako makutu adagonja. Lakumanzere limaimba mluzu osapuma. Adokotala adanena mosapsatira kuti phokoso lina limodzi lotere likhoza kulitsekeratu. Lolemba lotsatira kuntchito kudali kuyeza makutu a madalaivala onse, wolephera asiye chiwongolero. Loweruka, Lolembalo lisanafike, Cinder Parish, anthu odwala misana tsopano, imadzaimba komaliza. Adokotala aja adamulangiza kuvala timphira totseka m'makutu, koma kwa Gaynor, kuima kutsogolo ndi timphira kuli ngati kupita kuphwando utamanga pakamwa.

Lowerukalo masana adali pamzere, mvula ikuwaza, atakhala pa kampando kopinda, bulangete m'mawondo, folo padzanja. Tiyi wa m'fulasiki adali atazizira kalekale. Kumbuyo kwake kudadzaza achinyamata ovala malaya a gululo ogula dzulodzuloli, anthu amene adali asanabadwe pamene chimbale choyamba chinkatuluka. Zidamukondweretsa pang'ono, zidamutopetsanso. Mumtima ankadzifunsa ngati nyimbozo akuzikondabe kapena wangozolowera kudikira.

Ndi pamene ndidatulukira ndi tchipisi cha viniga.

"Agogo, mzere wa mankhwala a nyamakazi ndi uno?" ndidamufunsa.

"Mwadzatani kuno, amalume? Inu nyimbo yomaliza kuikonda munaimva pa ubatizo wanu."

"Ndadzatsanzikana ndi khutu lakolo. Ndinaliona likukula."

Sadaseke. Adatafuna tchipisi pang'onopang'ono, maso ali pa chitseko.

"Ndikakaima kumbuyo, ndiye zaka zonsezi ndimalawiriranji?" adatero. "Kutsogolo nyimbo sumamva ndi makutu. Imalowa m'nthiti."

"Ndiye zimve nthitizo. Makutu apume, ali ndi basi yoti ayendetse Lolemba."

"Ndatopa, amalume. Musandiyambe."

Ndidatulutsa kabokosi ka timphira tiwiri tachikasu. Adakayang'ana ngati ndamupatsa khoswe wakufa.

"Usandiyang'ane choncho, sindinagule ndine," ndidatero. "Pogula tchipisichi ndakumana ndi woimba ng'oma wawo, wamtali uja, wa ndevu zofika pa lamba. Wandigwira paphewa, akuti, 'Achimwene, mukawapatse mayi a nambala folo aja. Ifenso tonse timavala, kuyambira kale. Amene aja akagontha, tiziimbira ndani?' Misozi chuchuchu m'ndevumo. Shopu yonse kulira, mpaka nsomba za m'mafuta zinayambanso kusambira."

Gaynor adasiya kutafuna. Adayang'ana folo wa padzanja uja, amene mvula idali itayamba kumusungunula. Mluzu wa m'khutu unkaimbabe, wosasamala za gulu lililonse. Adaganiza za basi yake ya m'mawa, ndi amayi okalamba aja amene amakwera pa siteji ya kuchipatala n'kumamuuza za matenda awo onse. Adapumira m'mwamba, n'kutsegula kabokosiko. Adafinya kamphira kamodzi, n'kukalowetsa kumanzere. Kachiwiri adakagwira kaye m'manja.

"Wandevuyo dzina lake Col," adatero, mawu ali pansi. "Tinamuika m'manda zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, nkhata ya maluwa ndinanyamula ndine. Ng'oma lero akuimba mwana wake wamkazi." Adatembenuza kabokosi kaja. "Komanso kapepala ka mtengo ka ku famase simunamatule."

"Iwe, mwina anali mchimwene wake, ndevu zimayenda m'magazi..."

Gaynor adalowetsa kachiwiri.